Chiwindi Chimasunga Nthawi: Phunziro kwa Ogwira Ntchito Usiku

Pakati pathu pali anthu amene amakagona dzuwa litatuluka: alonda, anamwino, apolisi, oyendetsa magalimoto a katundu, ndiponso asodzi ochezera panyanja ndi nyali. Phunziro la mwezi uno likukhudza iwowa, ngakhale kuti enafe titolapo kanthu.

Thupi la munthu lili ndi wotchi yake yozungulira pafupifupi maola 24. Wotchi yaikulu ili mu ubongo, ndipo imatsata kuwala kolowa m'maso. Mu 2017, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young analandira mphoto ya Nobel chifukwa chofotokoza kayendedwe ka wotchi yotere, atafufuza tintchentche tokonda zipatso zakupsa.

Chiwindi nachonso chili ndi wotchi yakeyake, koma iyo imamvera kwambiri nthawi ya chakudya kuposa dzuwa. Masana munthu akadya, chiwindi chimasunga shuga wotsala. Usiku ali mtulo, chimamutulutsa pang'onopang'ono kuti ubongo usasowe mphamvu. Mu 2000, akatswiri a ku Geneva anayesa kudyetsa mbewa masana okhaokha, chikhalirecho mbewa zimadya usiku. Patapita masiku owerengeka, wotchi ya m'chiwindi inatembenuka, koma ya mu ubongo sinasunthe.

Vuto lagona pa kusiyana kumeneku. Mlonda akakhuta nsima 2 koloko usiku, ubongo umati ndi nthawi yopuma pamene chiwindi chapatsidwa ntchito ya masana. Usiku thupi silimvera bwino insulini, choncho shuga amakhalitsa m'magazi, ndipo wina amasanduka mafuta ounjikana m'chiwindi. Zikapitirira kwa zaka, chiopsezo cha kunenepa ndi matenda a shuga chimakula. Choipa n'chakuti chiwindi chodzaza mafuta sichifulumira kupweteka. Munthu amayenda nacho osadziwa.

Mu 2012, ku Salk Institute ku California, magulu awiri a mbewa anapatsidwa chakudya chamafuta chofanana. Gulu lodya nthawi iliyonse linanenepa ndi kudzaza mafuta m'chiwindi, pamene gulu lodya m'maola 8 okha patsiku linatetezeka kwambiri. Mbewa si munthu, komabe anthu ogwira ntchito usiku nawonso amapezeka ndi matenda a shuga kawirikawiri kuposa anzawo a masana.

Sitikunena kuti wina asiye ntchito. Banja limadya kuchokera ku ulondawo. Chimene mungasinthe ndi nthawi ya mbale. Idyani chakudya chachikulu madzulo musananyamuke. Pakati pa usiku, njala ikavuta, mtedza pang'ono kapena nthochi ndi madzi n'zokwanira. Tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi mupewe. Mukaweruka, gonani m'chipinda cha mdima, ndipo apabanja athandize kuti ana asasokose pakhomo.

Ena amaitana tulo ta m'mawa ndi kachasu. Kumeneko n'kusenzetsa katundu wachiwiri chiwindi chotopa kale, ndipo tulo ta mowa timadukizaduka. Ngati mwagwira ntchito ya usiku kwa zaka zingapo, pitani kuchipatala mukayezetse shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo muwauze achipatala nthawi imene mumadya ndi kugona.