Woimba Wotchuka Akaimbidwa Mlandu

Phunziro la makolo ndi achinyamata a ku Kasisi

Masiku ano nyimbo iyenda msanga kuposa munthu. Imene yaimbidwa lero ku Lusaka kapena ku Blantyre, mawa lache imveka m'dera la Mfumu Kasisi, pa wailesi ndi m'mafoni a anyamata, pa zikwati ndi m'misika, kuyambira ku Kapichira kufikira pa boma la Chikwawa. Nyimbo za ku Zambia zikondedwa ndithu, pakuti zambiri ziimbidwa m'Chinyanja ndipo sizifuna womasulira. Tsono pamodzi ndi nyimbo ifikanso mbiri ya eni ache, yabwino ndi yoipa yomwe. Ndipo yoipa koposa ndiyo yakuti woimba wokondedwa wagwirira mkazi kapena waononga mwana wamng'ono. Phunziro lino lifuna kuona m'mene anthu amalankhulira mbiri yotere ikamveka, ndi chimene mau ao amachita kwa ana amene ali kumvetsera.

1. Mlandu wa ku Lusaka

Clifford Dimba, amene adziwika ndi dzina lakuti General Kanene, ndi woimba wa ku Zambia amene nyimbo zache zidafala kwambiri pakati pa anthu olankhula Chinyanja. M'chaka cha 2014 bwalo la milandu lidampeza wolakwa pa mlandu wogona ndi mtsikana wa zaka 14, ndipo lidamlamula kukhala m'ndende zaka 18. Atakhalamo chaka chimodzi chokha, mu 2015, Edgar Lungu, amene anali Prezidenti wa dzikolo pa nthawiyo, adamkhululukira namtulutsa, namuikanso kuti akhale kazembe pa nchito yothetsa nkhanza zochitira akazi.

Pomwepo anthu adagawikana. Ena adakondwa, poganiza kuti munthu amene walawa ndende ndipo mau ache amveka patali akhoza kuphunzitsa amuna anzache bwino kuposa wina aliyense. Ena, makamaka mabungwe a amai, adadandaula kuti mtsikana uja waiwalika. Sipadapite nthawi yaitali, mbiri idamveka kawiri yakuti woimbayo wachitanso nkhanza kwa akazi. Mu December 2015 akatswiri awiri a bungwe la United Nations, Dubravka Šimonović ndi Eleonora Zielińska, adadzudzula poyera zimene Boma la Zambia lidachita, napempha kuti udindowo auchotse. Adanena kuti kumasula munthu wotere ndi kumkweza kumatsegulanso chilonda cha amene adalakwiridwa, ndiponso kumafooketsa ena onse amene akadafuna kukanena zimene zidawachitikira. Pambuyo pache woimbayo adamchotsa pa ukazembewo.

Mau achiwiri aja, akuti ena onse afooka, ndiwo mutu wa phunziro lino.

2. Magulu atatu a olankhula

Mbiri yotere ikafika pa mjigo, pa bawo kapena poimira akabaza, anthu kawirikawiri amagawikana patatu.

Gulu loyamba ndi la otchinjiriza. Iwowa sayamba afunsa chimene chidachitika, koma athamangira kunena kuti ndi nsanje, kuti pali adani ofuna kugwetsa munthu amene watukuka. Chifukwa chache sichibvuta kuchiona. Liu la woimba alidziwa zaka zambiri: adabvina nyimbo zache pa ukwati wao, adatonthozedwa nazo pa mabvuto, kotero kuti amuyesa ngati mbale, ngakhale sadaonane naye maso ndi maso. Koma mwana wodandaula samdziwa nkhope kapena dzina. Akulu akale adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Munthu aopa kuti pokantha khoswe angaswe mkhate wache womwe, ndiye kuti chimwemwe chimene adapeza m'nyimbozo. Choipa nchakuti otchinjirizawa salekera pomwepo. Amtembenukira mwana uja, namanena kuti anafuna ndalama, kuti thupi lache linali la munthu wamkulu, kuti adapitiranji kumeneko. Umo wolakwiridwa asanduka woimbidwa mlandu.

Gulu lachiwiri ndi la oweruziratu. Iwowa angomva mphekesera kamodzi, mlandu autha okha. Aonjezera zimene sadazione, nazitumiza pa Facebook ndi pa WhatsApp, mwina pamodzi ndi dzina kapena chithunzi cha mwanayo. Ayesa kuti ali kumthandiza, koma ali kumbvula pa gulu; ndipo ngati woimbidwa mlandu ali wosalakwa, aononga mbiri imene sangathe kuibweza.

Gulu lachitatu ndi la osasamala, amene amati nyimbo ndi nyimbo, za mwini wache nzache yemwe. Nzoona kuti kukoma kwa nyimbo sikusintha chifukwa cha tchimo la woimba. Koma ndalama ya pa khomo la dansi ndi ulemu wa pa bwalo zipita kwa munthu wamoyo, ndipo kawirikawiri ndi ndalama ndi ulemu womwewo zimene zimamtsegulira njira ya kwa ana a eni ndi kutseka pakamwa mboni.

Magulu atatuwa asiyana mau, koma afanana pa chinthu chimodzi: onse ali kuyang'ana woimba, palibe amene ali kuyang'ana mwana.

3. Phokoso si umboni

Milandu iwiri ya ku America ionetsa kuti kufuula kwa khamu sikudziwitsa choona. Michael Jackson adanenedwa koyamba mu 1993 kuti adaononga mnyamata wamng'ono. Mu 2005 adazengedwa mlandu wina wotere ku California, ndipo bwalo lidampeza wosalakwa pa mfundo zonse. Adamwalira mu 2009; koma mu 2019 kanema wotchedwa Leaving Neverland adaonetsa amuna awiri akunena kuti iye adawaononga ali ana. Abale ache adakana kwamtuwagalu, mawailesi ena a ku Canada ndi ku New Zealand adaleka kuika nyimbo zache, ndipo omkonda adamtchinjiriza ndi ukali.

Woimba wina, R. Kelly, adapezeka wosalakwa ku Chicago mu 2008, omkonda nakondwera ngati nkhani yatha. Koma akazi odandaula adapitirira kulankhula, ndipo mu 2021 bwalo la ku New York lidampeza wolakwa, nalamulidwa mu 2022 kukhala m'ndende zaka 30.

Mmodzi adamwalira bwalo lisanampeze wolakwa, wina adatsekeredwa. Koma pa onse awiri khamu lidafuula mofanana, ena kutchinjiriza, ena kutemberera, ndipo ambiri mwa ofuulawo sadamve mboni ngakhale imodzi. Luso la kuimba si umboni wakuti munthu ndi wosalakwa, monganso kutchuka si umboni wakuti ndi wolakwa. Kuona maso a nkhono nkudekha.

4. Mwana amene ali kumvetsera

Wina akhoza kufunsa kuti: nanga za ku Lusaka ndi ku America zimkhudza bwanji mlimi wa thonje wa ku Kasisi? Zimkhudza chifukwa chakuti pamene akulu ali kukamba nkhanizi pa khonde, mwana wamkazi amene ali kutsuka mbale pambali ali kumva zonse. Akamva atate ache akuseka mtsikana wa ku Lusaka kuti anafuna ndalama, aphunzira phunziro limene palibe adafuna kumphunzitsa: kuti tsiku limene iye adzalankhula, adzasekedwanso chimodzimodzi. Ndipo m'mudzi uli wonse muli otchuka ache ang'onoang'ono: wosewera mpira, woimbitsa zimbale pa zikwati, mwini golosale amene amakongoza anthu pa nthawi ya njala, mtsogoleri wa kwaya, malume amene alipira sukulu. Mwana amene walakwiridwa ndi mmodzi wa otere amayamba wayesa m'mtima mwache ngati mau ache angalemere kuposa dzina la munthuyo. Ndipo muyeso wache autenga pa zimene adamva akulu akunena za ena.

Chigwa cha Shire chidaona kale chipatso cha kukhala chete kotere. Mu July 2016 Eric Aniva, bambo wa ku Nsanje, adauza wailesi ya BBC kuti ankalipidwa monga fisi kuti agone ndi atsikana otuluka ku chinamwali ndiponso ndi akazi amasiye, ndi kuti anali ndi kachilombo ka HIV. Peter Mutharika, amene anali Prezidenti pa nthawiyo, adalamula kuti amangidwe. Iyeyu sanali woimba ndipo analibe khamu lomtchinjiriza; ngakhale zinali tero, atsikana aja sadabwere kudzachitira umboni. Mu November 2016 adalamulidwa kukhala m'ndende zaka ziwiri pa mlandu wokhudza akazi amasiye, potsata lamulo la mu 2013 loletsa miyambo yoononga, ndipo mabungwe a amai adadandaula kuti chilangocho chachepa. Tsono ngati ana aopa kulankhula za munthu amene wabvomera yekha pa wailesi, nanga adzalimba mtima bwanji pa munthu amene mudzi wonse umuombera m'manja?

5. Choona ndi chikhululukiro

Lamulo la 8 la Mulungu liletsa umboni wonama, ndipo pamodzi nao liletsa kuweruza mnzako wopanda chifukwa chokwanira ndi kuononga mbiri yache mwa miseche. Koma lamuloli liteteza mbiri ya anthu awiri, osati mmodzi. Amene anena kuti mwana wodandaula ndi wabodza, iye osadziwa kanthu, walakwira lamulo lomwelo monga uja amene aweruziratu woimbidwa mlandu. Ndiponso kukauza apolisi kapena a chipatala zimene mwana waulula si miseche ai. Ndi udindo wa munthu wamkulu ali yense.

Pa za chikhululukiro pafunika kusiyanitsa bwino. Palibe wochimwa amene khomo la kulapa lamtsekekera, ndipo womasulidwa ku ndende ayenera kupeza nchito ndi malo pakati pa anthu. Koma kukhululukira munthu ndi kwina, kumpatsa udindo ndi kwina. Mbusa amene adabapo mbuzi akhoza kukhululukidwa lero lomwe, koma mwini khola wanzeru sampatsa makiyi mawa lache. Kulapa koona kuoneka ndi kubvomera cholakwa, kubwezera wolakwiridwa monga kungatheke, ndi kusintha kwa makhalidwe kumene kuyesedwa ndi zaka. Cholakwika cha ku Lusaka chinali kuthamangira kupereka ulemu zipatso za kulapa zisanaoneke, ndi kupereka ulemuwo pa nchito yomweyo imene munthuyo adapezeka wolakwa.

Eklezia nayenso adaphunzira zimenezi mowawa. M'maiko ambiri ana adalakwiridwa ndi ansembe ena, ndipo akulu ena adasunga chinsinsi poopa kuchititsa manyazi dzina lolemekezeka. Chotsatira chache chidakhala manyazi aakulu koposa ndi misozi ya ana ambiri. Nchifukwa chache mu 2019 Papa Francis adakhazikitsa lamulo lakuti wansembe kapena sisitere amene wadziwa za nkhanza yotere ayenera kukanena kwa akulu a Mpingo. Dzina, kaya la woimba kaya la wansembe, siliposa mwana.

6. Zoyenera kuchita

Malamulo a dziko la Malawi, monga adakonzedwa mu 2017, anena kuti mwana ndi munthu ali yense wosakwana zaka 18. Kugona ndi mwana ndi mlandu waukulu, umene chilango chache chikhoza kufika pa kukhala m'ndende moyo wonse. Ndipo mau akuti mwanayo adalola, kapena kuti adalandira mphatso, sachotsa mlanduwo.

Mwana akaulula, womumva amvetsere modekha, osamkalipira kapena kumfunsa chifukwa chache adachedwa kunena, ndipo amuuze kuti wolakwa si iye.

Apite naye ku chipatala msanga, pakuti mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV agwira nchito ngati ayambidwa asanapite maola 72.

Nkhani ikanenedwe ku polisi, ku ofesi yotchedwa Victim Support Unit, kapena kwa a zosamalira anthu pa boma. Nambala ya foni ya 116 ndi yothandiza ana ndipo silipiritsa.

Mlandu wotere suthera pa bwalo la nyakwawa, ndipo sulipidwa ndi mbuzi, ndalama kapena ukwati.

Dzina ndi chithunzi cha mwana zisafalitsidwe. Ndipo woimbidwa mlandu asamenyedwe kapena kutenthedwa nyumba, koma aperekedwe kwa oweruza, amene nchito yao ndi kumva mbali zonse ziwiri.

Pa mbiri ya woimba wakutali, munthu amene sadziwa choona angonena kuti mlandu ngwaukulu ndipo uyenera kufufuzidwa, osanyoza wodandaula. Mau ochepawa akwanira kuti mwana wa pa khomo pache adziwe kuti iye akadzalankhula adzamvedwa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana m'Miphakati

1. Kodi nchifukwa ninji anthu amafulumira kukhulupirira woimba kuposa mwana wodandaula?
2. Kodi otchinjiriza ndi oweruziratu alakwira bwanji lamulo limodzi lomwelo?
3. Pali kusiyana kotani pakati pa kukhululukira munthu ndi kumpatsa udindo?
4. Ndi mau ati olankhulidwa pa khomo amene angachititse mwana kubisa zimene zamchitikira?
5. Mwana wa ku Kasisi akaulula lero, ndani ayenera kupita naye, ndipo apite kuti poyamba?