Kusamala Chikhodzodzo cha Munthu Wovulala Msana

Amayi, kuno ku Mzimba ngolo za ng'ombe n'zambiri, ndipo pa msewu wa M1 wodutsa pa Jenda magalimoto sasiya kuyenda usana ndi usiku. Ana nawonso amakwera mitengo ya mango. Munthu akagwa pa ngolo kapena mumtengo, kapena akachita ngozi ya pamsewu, mtsempha waukulu wa m'kati mwa fupa la msana ungathe kuvulala. Matenda a TB akalowa m'mafupa a msana amachitanso chimodzimodzi. Kufa kwa miyendo aliyense amakuona, koma vuto la chikhodzodzo ambiri saliona, ndipo wosamala wodwala pakhomo kawirikawiri ndinu.

Mtsempha umenewu ndiwo umauza ubongo kuti chikhodzodzo chadzaza. Ukavulala, wodwala samva kuti afuna kukodza. Mkodzo umangodontha wokha, ndipo achibale amaganiza kuti wonse ukutuluka. Sizili choncho. Nthawi zambiri wodonthawo ndi wosefukira chabe, monga madzi a mumtsuko wodzaza. Wochuluka umatsalira m'kati. Mu mkodzo wotsalirawo mumaswana tizilombo, ndipo umabwerera ku impso n'kumaziwononga pang'onopang'ono, mwini wake osamva kupweteka. Kale ovulala msana ambiri ankamwalira ndi matenda a impso.

Choncho chikhodzodzo chiyenera kukhuthulidwa pa nthawi yake. M'chaka cha 1972 dokotala wina wa ku America, Jack Lapides, anasonyeza kuti wodwala kapena womusamala angathe kulowetsa yekha kapaipi kotulutsira mkodzo, kotchedwa katheta, ali kunyumba, bola asambe m'manja ndi sopo ndipo kapaipiko kakhale kaukhondo. Kapaipi kamalowetsedwa maola 4 mpaka 6 aliwonse, ndipo kamachotsedwa mkodzo ukatha. Kwa munthu wamkulu, mkodzo wotuluka nthawi imodzi usapitirire theka la lita. Ukapitirira, ndiye kuti mwachedwa. Mukatha, tsukani kapaipi ndi sopo ndi madzi aukhondo, kaumitseni, ndi kukasunga m'kabotolo kotsekedwa. Musayambe zimenezi pongomva kwa anzanu. Pemphani anamwino a pa chipatala cha boma ku Mzimba kapena a pa chipatala cha ku Embangweni akuonetseni ndi manja, makamaka ngati wodwalayo ndi mwana, popeza kapaipi ka mwana ndi kakang'ono.

Odwala ena amatuluka m'chipatala ndi kapaipi kokhalitsa ndi thumba lake. Thumbalo likhale m'munsi mwa chiuno nthawi zonse, kapaipi kasapindike, ndipo tsiku lokasinthitsa lisaphonyedwe, ngakhale ndi nthawi yokolola.

Pali cholakwa chimodzi chimene chimachitika chifukwa cha chisoni. Mayi, potopa ndi kuchapa zofunda, amayamba kumumana wodwala madzi. Musatero. Wamkulu amwe pafupifupi malita 2 pa tsiku, ochuluka m'mawa ndi masana, ochepa madzulo. Ndiponso musamukalipire mwana amene wanyowetsa mphasa. Iye sanamve kanthu. Msambitseni ndi kumupukuta msanga, chifukwa khungu lonyowa silichedwa kuchita zilonda.

Mkodzo ukakhala wonunkha kwambiri, wa matope kapena wa magazi, ndipo thupi latentha ndi kunjenjemera, musafulumire kunena kuti ndi malungo. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo akamuyeze magazi ndi mkodzo womwe.

Amene anavulala khosi kapena kumtunda kwa msana ali ndi ngozi inanso. Chikhodzodzo chikadzaza, magazi amathamanga kwambiri mwadzidzidzi: mutu umagunda koopsa, thukuta limatuluka kumaso, mphuno zimatseka. Musamugoneke. Mkhazikeni tsonga, masulani zovala zothina, wongolani kapaipi ngati kapindika, kapena tulutsani mkodzo nthawi yomweyo. Mutu ukapanda kuleka, thamangirani naye kuchipatala ali chikhalire, ndipo muwauze anamwino nthawi imene mkodzo unatuluka komaliza.