Kandege ka Hunter kafuna kudekha, osati makina odula

FUNSO

Akonzi,

Ine ndinabadwira ku Gweru m'dziko la Zimbabwe, kumene bambo anga, ochokera ku Ntcheu, ankagwira ntchito ya njanji. Tili ana tinkaona ndege zankhondo za Hunter zikunyamuka pabwalo la Thornhill, ndipo mkokomo wake sindinauiwale mpaka lero. Pano ndinapuma pantchito, ndili kumudzi. Mwana wanga wamkazi amene ali ku Manchester wanditumizira kabokosi ka kampani ya Revell, momwe muli tizidutswa tapulasitiki tolumikiza kuti tipange ndege yomweyo, Hunter FGA.9, ya muyeso wa 1/72. Waikamonso guluu, maburashi awiri ndi tizitini ta penti wa Humbrol.

Ndayamba, koma zikundivuta. Galasi la pamwamba pa woyendetsa layera mbuu nditalimata. Kandegeko ndikakaimika pa matayala kakumagwera kumbuyo, mphuno m'mwamba. Ndinayesa kupaka penti wa zitseko pa kathanki kamodzi ka pansi pa phiko, timizere tonse tokongola tija tinakwiririka. Mnyamata wina wandiuza kuti popanda makina opopera penti, aja amati airbrush, ndikungotaya nthawi. Kodi n'zoona? Nanga zimene ndawonongazi zingakonzeke?

Bambo wa ku Ntcheu

YANKHO

Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo musataye mtima. Zonse zitatu mwatchulazi zimakonzeka, ndipo makina opoperawo simukuwafuna. Airbrush ndi chida chabwino kwa amene ali nacho, koma burashi yofewa ili m'kabokosi mwanumo ingathe kutulutsa kandege koti aliyense wokaona aime kaye. Chimene chimasiyanitsa ntchito yabwino ndi yoipa pano ndi kuchepa kwa penti ndi kudikira. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi ndi yotero kuyambira pa kachidutswa koyamba mpaka kotsiriza.

Tiyambe ndi nambala ija ya 1/72, chifukwa ndiyo ikufotokoza zimene zinachitika pa kathanki kanu. Chilichonse pa kandege kanu chachepetsedwa ka 72. Hunter yeniyeni ndi yotalika pafupifupi mamita 14, ndipo kuchokera nsonga ya phiko lina kukafika nsonga ya linzake ndi mamita 10 ndi pang'ono. Kanuko kadzakhala masentimita 19 m'litali ndi masentimita 14 m'mapiko. Tsono werengerani mobwerera. Mukapaka penti wokhuthala theka la milimita, pa ndege yeniyeni ndiye kuti mwapaka mamilimita 36, kukhuthala kwa chitseko cha nyumba. Timizere tosonyeza pamene malata a ndege akumana sitingapulumuke pansi pa penti wotere. Penti wa zitseko ndi mazenera anamupangira kuti aziphimba zolakwika za thabwa, pamene inu mukufuna penti woonetsa zonse zimene zili pansi pake. Kathanki kaja kadikireni kaume gwa, mukakhule pang'onopang'ono ndi sandipepa wosalala wonyowetsa m'madzi, ndipo timizere tikayamba kuoneka mutitsatire ndi nsonga ya singano.

Za galasi loyera. Guluu wa tindege timeneti sagwira monga guluu wamba. Amasungunula pulasitiki mbali zonse ziwiri kuti zikauma zikhale chinthu chimodzi, choncho akakhudza galasi amalidya. Supaguluu nayenso ali ndi vuto lake: mpweya umene amatulutsa pouma umasiya nkhungu yoyera m'kati mwa galasi. Litukuleni galasilo mosamala ndi nsonga ya lumo. Ngati pamwamba pake pakhakhala, likhuleni ndi sandipepa wosalala kwambiri, wa nambala 1500 kapena 2000, ali wonyowa. Lidzayamba laipiratu, musadandaule. Kenaka tengani mankhwala otsukira mano, oyera aja, pa kansalu kofewa, mulipukute mozungulira mpaka kuwala kubwerere. Pomaliza lipakeni vanishi wonyezimira wosakhuthala. Polibwezera pamalo pake gwiritsani guluu woyera wa akalipentala, kadontho kamodzi pa nsonga ya chotokosera m'mano. Guluu ameneyu akauma saoneka, ndipo akasefukira mumangopukuta ndi kansalu konyowa.

Kugwera kumbuyo kuja n'chifukwa chakuti ndege yeniyeni ili ndi zolemera kutsogolo zimene kanuko kalibe. Pansi pa woyendetsa Hunter panali mfuti 4 za ADEN za mamilimita 30, zomangidwa pamodzi ndi zipolopolo zake m'bokosi limodzi limene amakaniki ankalitsitsa lonse n'kuikapo lina lodzaza. Kandege kapulasitiki n'kopanda kanthu m'kati, ndiye mchira umalemera kuposa mphuno. Mwambo wake ndi kuika cholemera m'mphuno mbali ziwiri za thupi zisanamatidwe. Poti inu munamata kale, yang'anani m'dzenje lolowa tayala lakutsogolo, komanso kuseri kwa mpando pamene galasi lili lochotsa. Tinati ting'onoting'ono ta njinga, kapena timtovu tija asodzi amamangirira ku mbedza, timalowa m'malo amenewa. Timateni ndi guluu woyera ndipo mutipake penti wakuda. Poyesa, kakhazikeni kandegeko pa pensulo yogoneka pamzere wa matayala akumbuyo: mphuno ikatsika yokha, kulemera kwakwana. Malo akakana, dulani kathabwa kosalala, kapakeni penti wotuwa wa bwalo la ndege, mumatirepo matayala onse atatu. Ambiri odziwa ntchitoyi amachita zomwezo, ndipo kandege kamaoneka bwino kuposa kongokhala pa tebulo.

Musanatsegule chitini cha penti, yang'anani msoko umene mbali ziwiri za thupi zakumana, pamsana ndi pamimba. Apa ndikupemphani kuti muchedwepo, chifukwa ndege imene mwasankhayi kukongola kwake kuli pa kusalala. Anaijambula ndi Sydney Camm wa kampani ya Hawker, yemwe anajambulanso Hurricane ya pankhondo yachiwiri ya dziko lonse. Inauluka koyamba mu July 1951, ndipo pa 7 September 1953 Neville Duke anaulutsa Hunter yopakidwa penti wofiira pa liwiro la makilomita 1,171 pa ola, lomwe panthawiyo linali liwiro lalikulu koposa lovomerezeka padziko lonse. Injini yake ya Rolls-Royce Avon inabisika m'thupi, mpweya n'kumalowera m'mabowo a makona atatu pamene phiko likumana ndi thupi, kotero kuti kuchokera kumphuno mpaka kumchira diso limangotsetsereka. Msoko wa guluu ukatsala pamsana, diso limaima pomwepo. Ukhuleni ndi sandipepa wa 600, kenaka wa 1000. Pamene pali mng'alu tsekani ndi putty wa tindege, kapena kadontho ka supaguluu kamene mungakhule kakangouma, kasanalimbitsitse. Mukaganiza kuti mwatha, yendetsani chikhadabo modutsa msokowo. Chikakodwa, ntchito ikadalipo.

Mukatero katsukeni kandege konse m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, kuti mafuta a m'manja achoke, ndipo kaume kokha. Kuyambira pamenepo muzikagwirira pa kamtengo kolowetsa kumbuyo, kotulukira utsi wa injini.

Tsopano penti. Wa Humbrol wa m'tizitini ndi wamafuta, ndipo mtundu wake umakhazikika pansi pa chitini. Muvundule ndi kamtengo kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, mpaka pansi pasatsale phala. Musapake kuchokera m'chitini. Tapani pang'ono muike pa chitsekerero cha botolo, muthirepo timadontho ta tapentaini mpaka penti aziyenda yekha pa burashi osasiya mizere. Chenjerani ndi thina wa penti wa galimoto, chifukwa ndi waukali ndipo amadya pulasitiki. Chilichonse chimene mukukayikira, yesani kaye pa timitengo tapulasitiki tija munadulako tizidutswa.

Yambani ndi andakoti wotuwa wopyapyala. Ameneyu amathandiza penti kugwira, komanso amaulula pamene msoko sunathe. Kenaka pakani mitundu, kuyambira wowala kupita ku woderapo. Ulendo woyamba kandegeko kadzaoneka koipa, pulasitiki ikuonekera uku ndi uku, ndipo mtima udzakuuzani kuti mubwerezepo pomwepo. Apa ndi pamene ambiri amawonongera ntchito yawo. Penti wamafuta akayamba kugwira, burashi ikabwerera imamukoka n'kusiya mikwingwirima. Pakani kamodzi, kulowera mbali imodzi, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo monga mphepo imayendera pa ndege, ndipo mukasiye mpaka mawa. Ulendo wachiwiri mtundu umayamba kukhazikika, wachitatu umakwanira. Maulendo atatu opyapyala amakhala ochepabe kuposa ulendo umodzi wokhuthala, ndipo timizere tonse timaonekabe.

Mitundu yake ikudalira ndege imene mukufuna kukumbukira. Ma Hunter a asilikali a ku Britain ankapakidwa wobiriwira woderapo ndi wotuwa woderapo pamwamba, omwe pa Humbrol ndi nambala 163 ndi 164, pansi pake wasiliva kapena wotuwa wowala. Koma inu mtima wanu uli ku Thornhill. Dziko la Rhodesia, lomwe pano ndi Zimbabwe, linalandira ma Hunter 12 a mtundu womwewu wa FGA.9 kuyambira mu 1962, ndipo Zimbabwe italandira ufulu mu 1980 inapitiriza kuwaulutsa kuchokera pabwalo lomwelo. Amenewa ankadziwika ndi mawanga obiriwira ndi ofiirira a mtundu wa dothi, omwe mungawayandikire ndi Humbrol 30 ndi 29. Pemphani mwana wanu akutumizireni pafoni zithunzi za ndege imodzi, ya chaka chimodzi, zojambulidwa mbali zingapo, chifukwa zizindikiro za dziko zinasintha kangapo ndipo kusakaniza za zaka zosiyana kumatulutsa ndege imene siinakhalepo. Masitika a m'kabokosi mwanu akakhala a Britain kapena a dziko lina, a ku Zimbabwe amagulitsidwa paokha, ndipo iye angawafufuze kumene aliko.

Mtundu wowala ukauma tsiku lathunthu, jambulani malire a mawanga ndi pensulo mopepuka. Tsatirani mzerewo ndi burashi yaing'ono, kenaka dzazani m'kati ndi yokulirapo. Pamene pakufunika mzere wowongoka gwiritsani tepi ya pepala, koma muyambe mwaimata pa nsalu ya thalauza kawiri kuti mphamvu yake ichepe, ingakusendereni penti. Poichotsa kokani pang'onopang'ono, mogoneka.

Masitika ali ndi chinsinsi chawo. Mukawamata pa penti wosanyezimira, timpweya timatsekeredwa pansi pake, ndipo m'mphepete mwa chizindikiro mumaoneka mbee. Choncho yambani mwapaka kandege konse vanishi wonyezimira. Dulani sitika imodzi, iviikeni m'madzi ofunda masekondi 15 kapena 20, muiike pa mbale mpaka iyambe kutsetsereka yokha pa pepala lake. Nyowetsani pamalo pake, itsetserezeni ndi burashi, ndipo ikakhala bwino finyani madzi ndi kansalu kuchokera pakati kupita m'mphepete. Onse akauma, pakani vanishi wosanyezimira kuti penti ndi masitika zikhale khungu limodzi, koma galasi lokha musalikhudze.

Ena amakonda kudetsa kandege kuti kaoneke kogwira ntchito. N'zabwino, koma kumbukirani muyeso uja. Mukakayang'ana muli masentimita 30 kuchokera pomwe kali, zili ngati mwaima mamita oposa 20 kuchokera pa ndege yeniyeni, ndipo pamtunda wotero simuona mzere uliwonse uli bii. Kamwaye pang'ono kuseri kwa mabowo a mfuti ndi kumchira n'kokwanira. Palani nsonga ya pensulo, mutape fumbi lakelo ndi burashi youma, mukokere chakumbuyo.

Kwathu kuno mdani wamkulu wa penti wamuwisi ndi fumbi, makamaka miyezi ya chilimwe. Wazani madzi pansi musanayambe, ndipo mukatha kupaka vundikirani kandege ndi beseni loyera, mutatsamiritsa mbali imodzi pa kamtengo kuti mpweya uzilowa. Nthawi ya dzinja penti amachedwa kuuma, ndiye onjezani tsiku. Musakaumitse padzuwa kapena pafupi ndi mbaula: pulasitiki imapindika, ndipo tapentaini sachedwa kugwira moto. Gwirani ntchito mazenera ali otsegula. Lumo, guluu ndi timtovu zikhale patali ndi adzukulu aang'ono, ndipo musambe m'manja mukagwira mtovu. Koma mdzukulu wamkulupo muitaneni akhale pambali panu, azikugwirirani tepi ndi kuvundula penti. Mwana amene amapinda mawaya n'kupanga galimoto ali kale ndi diso la muyeso, ndipo pamene mukudikira kuti penti aume adzamva kuchokera kwa inu za moyo wa Amalawi amene anakagwira ntchito ku Zimbabwe.

Dongosolo lake likhale ili: galasi ndi cholemera choyamba, kenaka misoko, kutsuka, andakoti, mitundu, vanishi wonyezimira, masitika, vanishi womaliza. Matayala, matanki ndi kachitsulo kosongoka ka kunsonga ya phiko, ngati simunazimate kale, muzimate pamapeto penipeni, chifukwa ndi zimene zimathyoka munthu akamatembenuza kandege popaka. Ntchito yonseyi ingakutengereni milungu iwiri kapena itatu, ndipo masiku ambiri mwa amenewa adzakhala ongodikira. Mnyamata uja musakangane naye. Mukamaliza mudzamuitane adzaone chimene burashi imatha.