Utsi wa matayala umabwezera mochedwa

Ana anga a ku Lifupa ndi midzi yozungulira, ndikudziwa kuti fodya wakutopetsani ndipo mitima yanu ili ku Joni. Ena mukalowa m'mafakitale a matayala ku Brits, Ladysmith kapena Gqeberha, ena mutsala konkuno n'kumamata matayala pa Kasungu Boma. Sindikukuletsani, koma mawu a akulu amakoma akagonera.

Bungwe la IARC, lomwe lili pansi pa WHO, linaika ntchito yopanga labala m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa: ya chikhodzodzo, ya m'magazi, ya m'mapapo ndi ya m'mimba. Choopsa kwambiri ndi mankhwala osakaniza ku labalayo, utsi wotuluka pophika tayala, ndi zosungunulira zokhala ndi benzene. Ku Britain anasiya mankhwala okhala ndi 2-naphthylamine mu 1949, koma anthu amene anawagwirapo ankapezekabe ndi khansa ya chikhodzodzo patapita zaka 20 kapena kuposa apo.

Vuto lagona pamenepo. Uli mnyamata umadziona wamphamvu, matenda akudikira ukalamba. Agogo anu a ku Wenela anabwera ndi njinga ndi masutikesi, chifuwa cha kumgodi n'kudzawapeza ali kale pakhomo. Lero wofuna chipukuta misozi amafunsidwa umboni woti anagwirako ntchito, pomwe mapepala anadyedwa ndi chiswe kalekale. Inu sungani kalata yolembedwera ntchito ndi mapepala a malipiro, ndipo lembani mayina a mankhwala amene mukugwira.

Chotchinga kumphuno ndi magolovesi musavule ngakhale kutenthe bwanji. Kuno kwathu lamulo la chitetezo cha pantchito la 1997 limalamula bwana kupereka zodzitetezera, ndiye musachite manyazi kuzifunsa. Musadyere pamalo ogwirira ntchito, musasambe m'manja ndi petulo, ndipo lekani kuwotcha matayala pofuna waya. Ndudu nayo imawonjezera ngozi ya khansa ya chikhodzodzo ndi ya m'mapapo.

Chachikulu ndi ichi. Munthu akaona magazi mumkodzo, tonse timathamangira kunena kuti ndi likodzo. Mwina ndi likodzodi, koma khansa ya chikhodzodzo imayambanso choncho, kawirikawiri popanda ululu. Musangogula mapiritsi. Pitani kuchipatala cha boma cha Kasungu, mukawauze adokotala ntchito imene munkagwira ndi zaka zake, kuti ngati n'kofunika akutumizeni ku Kamuzu Central. Khansa yopezeka msanga imachizika. Musadikire kuti ikugoneni.