Phunziro: Momwe Lamulo Linachotsera Utsi mu Mzinda wa London

Ana inu, lero tiphunzira za ntchito ya boma poteteza mpweya umene timapuma. Chitsanzo chathu tichitenga ku London, likulu la dziko la Britain.

Kuyambira pa 5 mpaka pa 9 Disembala 1952, mzindawu unakutidwa ndi chifunga chosakanikirana ndi utsi. Inali nyengo yozizira koopsa, ndiye pafupifupi khomo lililonse linkasonkha moto wa malasha kuti anthu aziwotha. Musasokoneze malasha ndi makala: makala timawotcha kuchokera ku mitengo, pomwe malasha amakumbidwa pansi, monga zimachitikira ku Mchenga m'boma la Rumphi. Malasha amene anthu wamba ankagula nthawi imeneyo anali otchipa, okhala ndi sulufule wambiri. Mafakitale ndi nyumba zopangira magetsi, monga ya Battersea, nazonso zinkafuka usana ndi usiku.

Nanga n'chifukwa chiyani utsiwo sunakwere kumwamba monga mwa masiku onse? Mvetserani bwino apa. Mphepo inaleka kuwomba, ndipo mpweya wofunda unakhazikika pamwamba pa mpweya wozizira wa pansi, ngati chivundikiro pa mphika. Utsi wonse wotuluka m'machumuni unasowa kolowera. Mpweya wa sulufule utakumana ndi chinyezi unasanduka asidi, ndipo anthu ankaukokera m'mapapo limodzi ndi mwaye.

M'madera ena munthu sankatha kuona ngakhale mapazi ake. Mabasi ndi maambulansi anaima. Ng'ombe zina zimene anabwera nazo ku chionetsero cha ziweto cha Smithfield zinabanika mpaka kufa. Chiwerengero choyamba chinati anthu pafupifupi 4,000 anamwalira, makamaka okalamba, makanda ndi odwala chifuwa kapena mtima. Kafukufuku wa pambuyo pake anasonyeza kuti n'kutheka anafika 12,000.

Tsopano ganizirani: bambo mmodzi akanazimitsa moto wake, kodi mzindawo ukanayera? Ayi. Iye akanangozizidwa, utsi wa anansi ake n'kumamulowerabe m'chifuwa. Mpweya ulibe mpanda. N'chifukwa chake nkhani ngati iyi imafuna lamulo lomanga anthu onse nthawi imodzi.

Boma linakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Sir Hugh Beaver, ndipo mu 1956 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la mpweya wabwino, lotchedwa Clean Air Act. Lembani mfundo zake zitatu m'makope mwanu. Choyamba, linaletsa kutulutsa utsi wakuda m'machumuni. Chachiwiri, linapatsa makhonsolo mphamvu yosankha madera amene munthu saloledwa kusonkhamo moto wofuka. Chachitatu, boma ndi makhonsolo ankalipira gawo lalikulu la ndalama zosinthira malo osonkhapo moto m'nyumba, kuti mabanja ayambe kugwiritsa ntchito gasi, magetsi kapena malasha okonzedwa kuti asamafuke.

Mfundo yachitatuyi ndiyo mtima wa phunziro lathu. Kuletsa kokha sikukanathandiza, pakuti munthu amene ana ake akunjenjemera ndi chisanu amasonkha chilichonse chimene ali nacho, kaya kuli chindapusa kaya kulibe. Lamulo linamveredwa chifukwa linatseka njira yoipa n'kutsegula ina yoti wosauka angaikwanitse.

Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Mu Disembala 1962 chifunga china chinaphanso anthu mazana angapo, ndipo mu 1968 anawonjezera lamulo lina lokakamiza mafakitale kumanga machumuni aatali. Utsi wa malasha utachepa, vuto linatsalira pa magalimoto. Kuyambira mu 2019, galimoto yotulutsa utsi wopyola muyeso imalipitsidwa £12.50 pa tsiku ikamayenda m'dera losankhidwa, ndipo mu 2023 dera limenelo linakula n'kufika pafupifupi mzinda wonse.

Choncho mukamva kuti boma lakonza ndondomeko yochepetsa utsi, muzifunsa mafunso atatu: utsiwo ukuchokera kuti, anthu apatsidwa chiyani m'malo mwa chimene chaletsedwacho, ndipo ndani akuonetsetsa kuti lamulo likutsatidwa. Ntchito ya kunyumba ndi iyi: sankhani gwero limodzi la utsi kwanuko, kaya ndi mbaula, uvuni wa njerwa, kutentha zinyalala kapena minibasi, ndipo muyankhe mafunso atatuwa m'ndime imodzi. Makope ndiwafuna Lolemba m'mawa.