Masawu: phindu lili pa kudzala ndi kuyanika

M'mwezi wa Marichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala kaamba ka ng'amba ya El Nino. Balaka ndi Machinga adali m'gululi. Chimanga chidapserera, koma mitengo ya masawu idapirira, poti mizu yake imazama kukafuna chinyezi pansi.

Vuto ndi lakuti ambiri amangotola masawu omera okha n'kukawagulitsa nthawi imodzi. Kuyambira cha mu Juni mpaka Ogasiti, mabeseni amachita kuthithikana m'misika ngati wa Liwonde ndi Ulongwe. Zikatere wogula ndiye amalamula mtengo, ndipo masawu otsala amaola.

Choyamba ndi kudzala. Mlimi asankhe njere za mtengo wobereka zipatso zikuluzikulu ndi zotsekemera. Chikhokho cha njereyi n'cholimba, choncho achiswe mosamala kuti imere msanga, kenako afese m'machubu. Mbande aziwokere mvula ikakhazikika, motalikirana mamita asanu kapena asanu ndi limodzi. Azitchingire, chifukwa mbuzi zimakonda masamba ake. Mbande zomezanitsa zimabereka msanga kuposa zanjere, ndipo zipatso zake zimafanana ndi za mtengo umene nthambi idachokera. Alangizi a zaulimi ndi a zankhalango angathandize pa kamezanitsidwe.

Chachiwiri ndi kusankha. Masawu aakulu, osaboola mphutsi, aikidwe paokha. Kuwasakaniza ndi oonongeka kumagwetsa mtengo wa beseni lonse.

Chachitatu ndi kuyanika. Masawu akupsa atsukidwe, ayanikidwe pathandala osati padothi, ndipo azilowetsedwa madzulo kuopa mame. Akauma bwino, asungidwe m'matumba oyera pamalo opanda chinyezi kuti asachite chuku. Amenewa ndi ogulitsa nyengo yake itatha, pomwe aawisi asowa pamsika komanso banja likufuna ndalama ya mbewu, feteleza ndi fizi.

Magulu ofuna kupanga jamu kapena juwisi wogulitsa m'masitolo ayambe apeza chiphaso ku Malawi Bureau of Standards.

Ku India mtengo womwewu amaulima m'minda ikuluikulu, ndipo ali ndi mitundu yosankhika ngati Gola ndi Umran. Mlimi wa ku Balaka kapena Machinga sasowa munda wapadera kuti ayambe: mitengo ingapo m'malire mwa munda ndi yokwana, ndipo malo a chimanga ndi nandolo sachepa.