NJOKA ZAKUDA SIZOWETA PANYUMBA

Mvula ikayamba m'Novembala, njoka zimaturuka m'maenje ndi kulowa m'makomboni kufunafuna makoswe, acule ndi anapiye. Iyi ndiyo nthawi imene anyamata ena amagwira kanjoka kakuda ndi kukaika m'botolo kapena m'citini, ati akawete. Masewera otere adulitsa anthu zala, ndipo angathe kupha. Khungu lakuda palokha silisonyeza mtundu wa njoka. Pali zitatu zimene banja liri lonse liyenera kudziwa.

Kuzizindikira

Yoyamba ndi imene pa Cingerezi imachedwa black mamba. Dzinali limasoceretsa, pakuti thupi lake ndi lotuwa kapena loderako. Cakuda ndi m'kamwa mwake, ndipo imayasamula ikaopsezedwa. Ndi yoonda, ya mutu wautali wopapatiza, ndipo imatalika mamita 2 kufikira 3. Ululu wake umafooketsa mitsempha. Zikope zimagwa, malobvu amangocuca, mau samveka bwino, pambuyo pake munthu amalephera kupuma. Zimenezi zingayambe ola limodzi lisanathe.

Yaciwiri ndi kobra wolabvula wa khosi lakuda. Njoka iyi kawirikawiri imakhala yakuda thupi lonse. Ikakwiya imaimika mutu, kufutukula khosi ngati cipande, ndi kulabvula ululu m'maso mwa munthu amene ali pa mtunda wa mamita 2 kapena kuposa. Ikaluma, pamalopo pamatupa, pamapweteka kwambiri, ndipo mnofu umayamba kuola.

Yacitatu, imene imachedwa stiletto snake, ndiyo imanyenga anthu ambiri. Ndi kanjoka ka masentimita 30 kufikira 40, kakuda konyezimira, ka maso ang'onoang'ono ndi mcira wosongoka kunsonga. Kamakhala pansi pa nthaka ndipo kamaturuka usiku mvula ikagwa. Kamafanana ndi tinjoka tina topanda ululu. Mano ake amaturukira m'mbali ngakhale kamwa liri lotseka, motero munthu wokagwira kukhosi kamamlasa cala. Ululu wake ulibe mankhwala ousukulutsa. Acipatala amangocepetsa kupweteka ndi kusamala cironda, ndipo ena cala cimadulidwa.

Mmene akatswiri amazisungira

Wofuna kuona njoka zaululu angapite kumalo monga Kalimba Reptile Park pafupi ndi Lusaka. Kumalo osungira njoka, iri yonse imakhala m'bokosi lolimba la galasi lokhoma ndi loko, la tiziboo ta mpweya tating'ono. Osamalira amainyamula ndi ndodo ya ngowe kapena mbano zazitali, ndipo amabvala zochinga maso akamayandikira yolabvula.

Njokazi zimasungidwa kuti anthu aphunzirepo, ndiponso m'maiko ena, monga South Africa ndi India, kuti zikamidwe ululu. Ululuwo umabayidwa pang'onopang'ono mwa akavalo, ndipo m'magazi mwao mumacokera mankhwala amene amapatsidwa kwa olumidwa.

M'nyumba ya m'komboni, mmene ana amagona pansi, cibvundikiro ca citini sicingachinjirize munthu. Njoka siizolowera mwini wake monga galu. Kuizula mano sikuthandiza cifukwa amameranso, ndipo kamwana ka mamba kamakhala ndi ululu kuyambira tsiku limene kaswa dzira. Lamulo la nyama zakuthengo la 2015 limafunanso kuti wosunga nyama zotere akhale ndi cilolezo ca boma.

Munthu akalumidwa

Wolumidwa acotsedwe pamene pali njoka, akhazikike mtima pansi, ndipo asathamange. Abvulidwe mphete, zibangiri ndi nsapato kutupa kusanayambe. Mwendo kapena dzanja lolumidwa ligonekedwe pa kathabwa kuti lisagwedezeke, ndipo munthuyo anyamulidwe kupita ku cipatala msanga.

Pa bala pasatemedwe mphini, pasayamwidwe, ndipo pasamangidwe mphira kapena cingwe cothina, pakuti kutero kumaoletsa ciwalo. Mwala wakuda ndi zitsamba sizicotsa ululu, zimangocedwetsa ulendo. Ngati ululu walowa m'maso, atsukidwe nthawi yomweyo ndi madzi oyera ambiri, osatikita, ndipo munthuyo akaonedwebe ku kiliniki.

Abale asataye nthawi kusaka njokayo kuti aiphe kapena kuitengera kwa dokotala. Anthu ena amalumidwa pa nchito yomweyi. Dokotala amayang'ana zizindikiro za m'thupi. Cimene cingamthandize ndi kumuuza ola limene munthu walumidwa ndi maonekedwe a njokayo.

Kupewa

Udzu wozungulira nyumba uchechedwe, milu ya njerwa, nkhuni ndi zinyalala ikhale kutali ndi khomo, ndipo ziboo za pansi pa citseko zitsekedwe. Wopita ku cimbudzi usiku abvale nsapato ndi kunyamula tochi. Ogona pansi apindire neti ya udzudzu pansi pa mphasa. Makolo auze ana kuti njoka iri yonse yakuda, ingacepe bwanji, siigwiridwa ndi manja.